Fomu ya inshuwalansi isasainidwe ili ndi mipata

Caka ciliconse mvula ikamayandikira, alimi a m'boma la Rufunsa amasonkhana pansi pa mitengo, m'makalasi a sukulu ndi m'maholo a parishi, aliyense atagwira reji yake, kudikira kuti mlembi wa kopaletivu amuitane. Ena amalembetsa fataleza wa FISP, ena amapempha ngongole ya ulimi ku banki, ena amakonza mapepala a motoka yoti idzanyamule cimanga kupita ku depoti ya FRA. Pa mapepala onsewa pamakhala mafunso amene a inshuwalansi amagwiritsa nchito, ndipo ambiri a ife timawayankha mothamanga kapena kuwasiya kuti wina atiyankhire. Munthu amasaina, kapena kudinda cala, pa fomu imene theka lake mulibe kanthu, nabwerera kunyumba ali wokondwa kuti wamaliza msanga.

Ife tikuti mcitidwe umenewu uleke. Fomu ya inshuwalansi yokhala ndi mipata, kapena yolembedwa zinthu zosaona, imasanduka mlandu pa tsiku la tsoka, ndipo amene amagonja pa mlanduwo kawirikawiri ndi mlimi. Tamva anthu akulira kuti kampani yawabera. Nthawi zina kulira kwao kumakhala koona, ndipo tidzanenapo. Koma nthawi zambiri tikapempha kuti tione zimene zinalembedwa pa tsiku lolembetsa, timapeza kuti vuto linayamba tsiku lomwelo, pamene aliyense anali kuganiza za ulendo wobwerera kumudzi dzuwa lisanalowe.

Kuti timvetse nkhaniyi tiyenera kudziwa munthu amene amawerenga fomuyo. Ikacoka m'manja mwa ejenti imakafika pa tebulo la munthu amene pa Cizungu amachedwa underwriter. Dzinali linacokera ku London. Ca m'ma 1688 mkulu wina dzina lake Edward Lloyd anali ndi nyumba yogulitsira khofi kumene eni zombo ndi amalonda anali kukumana. Mwini combo anali kulemba pa pepala dzina la combo cake, katundu amene canyamula ndi kumene cikupita. Amene wavomera kusenza gawo la ngoziyo anali kulemba dzina lake m'munsi mwa mau amenewo, pamodzi ndi ndalama imene adzalipira combo cikamira. Wolemba dzina m'munsiyo ndiye underwriter. Anthu amenewa sanali kukwera combo kukaona nyanja. Anali kudalira zimene mwini walemba.

Mpaka lero nchito imeneyi sinasinthe. Underwriter ali mu ofesi ku Lusaka. Mwina sanafikepo ku Shikabeta, sadziwa msewu wolowera kwa Mpanshya, ndipo Chinyunyu anangoiona pa zenera la basi popita ku Chipata. Komabe ayenera kuyankha mafunso atatu pa munda, motoka kapena cigayo ca munthu amene sanamuonepo. Kodi kampani ivomere kusenza ngozi imeneyi? Ngati yavomera, mwini azilipira zingati? Ndipo ndi zinthu ziti zimene pangano lidzalipira, ndi ziti zimene silidzalipira? Mayankho onse atatu amawatenga pa fomu. Pamene fomu yakhala cete, iye saona kanthu.

Munthu wosaona bwino amayenda mosamala, ndipo underwriter amacita cimodzimodzi. Akapeza mpata pa fomu angaibweze kuti idzazidwe, ndipo masabata amapita mlimi akuganiza kuti ndi wotetezedwa pamene pangano silinayambe. Angaganize zoipitsitsa n'kukweza mtengo. Angavomerenso fomuyo koma n'kucotsa m'pangano cinthu comwe cija cimene sicinafotokozedwe. Njira zonse zitatu zimapweteka wolembetsa. Wolembetsa amene wayankha zonse momveka amathandizidwa msanga, ndipo nthawi zambiri amalipira zocepa, cifukwa palibe cimene kampani ikuopa mumdima.

Ena amafunsa kuti, kampani ili ndi ndalama zambiri, ivutikiranji ndi funso limodzi losayankhidwa? Tiyeni tikumbukire kumene ndalamazo zimacokera. Tonse timadziwa cilimba, kumene aliyense amaponya ndipo aliyense amalandira pa nthawi yake. Inshuwalansi imasiyana ndi cilimba pa cinthu cimodzi: onse amaponya, koma amalandira ndi okhao amene tsoka lawagwera. Ndalama imene imalipira cigayo copsa ca kwa Bunda Bunda ndi imene anaponya eni zigayo ena a ku Petauke, ku Mumbwa ndi ku Kalomo. Nchito ya underwriter ndi kuona kuti aliyense waponya molingana ndi kukula kwa ngozi imene wabweretsa. Munthu akabisa ngozi yake n'kulipira zocepa, amadya za anzake, ndipo caka cotsatira mtengo umakwera kwa onse.

Kampani nayonso sisenza yokha. Ngozi zikuluzikulu, monga cilala cogwera dziko lonse, imazigawana ndi makampani ena akulu amene nchito yao ndi kuteteza makampani a inshuwalansi, monga ZEP-RE ya maiko a COMESA imene likulu lake lili ku Nairobi, ndi Africa Re imene likulu lake lili ku Lagos. Amenewa asanavomere amafunsa kuti alimi ndi angati, ali m'madera ati, amalima ciani ndipo mahekitala ndi angati. Mayankho amacokera pa mafomu omwe aja timadzaza pansi pa mtengo. Ngati mafomu a dziko ali osokonezeka, akuluwo amakweza mtengo kapena kukana, ndipo mlimi wa ku Rufunsa amamva kuwawa kwake osadziwa kumene kwacokera.

Malamulo nawo amaona nkhaniyi mwapadera. Pogula ng'ombe pa msika, wogula amayang'ana yekha mano ndi ziboda, ndipo akapusitsidwa n'zake. Pa inshuwalansi si conco, cifukwa wodziwa zoona za katundu ndi mwini yekha. Mfundo imeneyi inakhazikitsidwa ku England mu 1766 pa mlandu wa Carter ndi Boehm. Carter anali bwanamkubwa wa linga la Fort Marlborough pa cisumbu ca Sumatra, ndipo linga limenelo linatetezedwa ndi inshuwalansi kuopa adani. Afalansa atalilanda, Boehm anakana kulipira, nati sanauzidwe kuti lingalo linali lofooka. Woweruza Lord Mansfield anagamula mokomera Carter, koma anafotokoza kuti pangano la inshuwalansi limaima pa kukhulupirika kwa mbali zonse ziwiri, ndipo wodziwa cinthu cofunika asacibise kwa mnzake. Makhoti a m'Zambia, amene anatengera malamulo ambiri a ku England, amatsatira mfundo yomweyo. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti kampani ikapeza kuti munabisa cinthu cimene cikanasintha maganizo a underwriter, ingakane kulipira, ngakhale munali kupereka ndalama zanu mokhulupirika.

Tsopano tibwere kwathu. Inshuwalansi imene alimi ambiri a m'boma lino ali nayo ndi ya FISP. Pulogalamu ya fataleza inayamba mu 2002, ndipo inapatsidwa dzina la FISP mu 2009. M'nyengo ya 2017/2018 boma linaikamo inshuwalansi ya nyengo: pa K400 imene mlimi anali kupereka, K100 inali ya inshuwalansi, ndipo kampani ya Mayfair Insurance ndiyo inasenza gawo lalikulu poyamba. Ambiri a ife tinapereka K100 imeneyo zaka zingapo tisanadziwe kuti ndi ya ciani.

Inshuwalansi ya mtundu umenewu situmiza munthu kudzaona munda wa aliyense. Kampani imayang'ana mvula imene makina a setilaiti ayeza pa dera lonse, ndipo mvula ikacepa kapena kuculuka kupyola muyezo umene unagwirizanidwa, onse olembedwa m'deralo amalipidwa. M'zaka zotsatira kunabweranso njira yoyeza zokolola m'minda ingapo yosankhidwa, kuti apeze mmene dera lonse lakololera. Pa njira zonse ziwiri, cimene cimalumikiza mlimi ndi malipiro ndi zimene zinalembedwa m'kaundula wa alimi wa ZIAMIS: dzina, nambala ya reji, nambala ya foni ndi kampu imene munda wake uli.

Apa ndi pamene timadzipweteka tokha. Boma lathu lili ndi malo okwera ndi malo a m'cigwa. Mvula imene imagwa ku Chinyunyu si imene imagwa ku Shikabeta kufupi ndi Lunsemfwa, kapena kumunsi kolowera ku Luangwa. Mlimi amene amalima m'cigwa koma analembetsa ku kampu ya kumtunda, cifukwa kumeneko kuli mlamu wake amene ndi wapampando wa kopaletivu, wauza kampani kuti iyang'ane mvula ya malo ena. Cimanga cake cingaume conse, koma ngati kumene analembetsa kunagwa mvula yokwanira, sadzalandira kanthu. Palinso acikulire amene mpaka lero amalemba Chongwe pa funso la boma limene akhala, cifukwa anazolowera kuyambira kale Rufunsa asanapatulidwe m'nthawi ya President Michael Sata. Kwa iwo ndi kanthu kakang'ono. Kwa kompyuta ndi malo ena.

Tonse tikukumbukira 2024. Pa 29 February caka cimeneco President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala a cimanga pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa anaonongeka. Dziko limene linakolola matani 3.26 miliyoni caka cam'mbuyo linakolola matani 1.5 miliyoni cabe. Kuno kwathu nkhokwe zinakhala zopanda kanthu. Caka cimeneco makampani analipira alimi ambirimbiri a FISP, ndipo ndi pamene ambiri anaona koyamba kuti inshuwalansi ndi cinthu ceniceni. Ndi pamenenso ena anazindikira kuti nambala ya foni imene inalembedwa pa dzina lao inali ya mwana amene anapita ku Lusaka kalekale, kapena ya layini imene inatsekedwa cifukwa cosagwiritsidwa nchito. Uthenga unapita kumene mwini anauza kuti upite.

Nkhani ya maina tiidziwa bwino ife amene tasungapo mabuku a ubatizo ndi a ukwati. Munthu mmodzi amakhala ndi dzina lina pa kadi ya ubatizo, lina pa reji, lina pa layini ya foni, ndipo kumudzi amaitanidwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Amai ambiri amalembetsa ndi dzina la amuna ao pamene pa reji pali dzina la atate ao. Wina amalemba Phiri, wina Piri. Nambala ya reji ili ndi manambala asanu ndi limodzi, kenaka awiri, kenaka imodzi, ndipo mlembi wotopa akatembenuza awiri okha, munthu amene walembedwa sakhalanso inu. Pa mudzi a nyakwawa amadziwa kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi. Wolipira ku Lusaka amangoona kuti zolembedwa sizikugwirizana, ndipo lamulo lake ndi lakuti asapereke ndalama kwa munthu amene sakumudziwa.

Citsanzo caciwiri ndi motoka. Lamulo la Road Traffic Act la 2002 limakakamiza motoka iliyonse yoyenda pa msewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawapweteke. Pa fomu pali funso lakuti motokayo idzagwira nchito yanji. Ambiri amene ali ndi Canter amayankha kuti idzanyamula katundu wa mwini, cifukwa mtengo wake ndi wocepa. Koma pa Great East Road timaiona Canter yomweyo itanyamula masaka a malasha a anthu ena, pamwamba patakhala amai opita ku msika amene alipira ulendo. Underwriter anayeza ngozi ya motoka yoyenda kamodzikamodzi ndi katundu wa mwini. Ngozi ya motoka yoyenda usiku ndi usana, yolemedwa, m'mapiri ndi m'makona a msewu wopita ku Luangwa Bridge, ndi ina ndipo mtengo wake ndi wina. Tsoka silinunkha. Tsiku limene motokayo idzagubuduzika, ofufuza adzafunsa amene anali kuyendetsa, laisensi yake, cimene inanyamula ndi amene analipira. Mayankho akasiyana ndi fomu, mwini angatsale yekha ndi motoka yophwanyika ndi mabanja a ovulala pakhomo pake.

Citsanzo cacitatu ndi ca zigayo, mashopu ndi mashedi a makopaletivu. Tikudziwa banja lina m'dera lathu limene linagula cigayo ndi ndalama za penshoni. Ejenti anabwera, nafunsa mafunso owerengeka, nati zotsalazo akadzaza yekha ku ofesi. Analemba kuti nyumbayo ndi ya njerwa ndi malata, ndipo zimenezo zinali zoona. Funso lakuti pali mafuta kapena zinthu zina zosacedwa kugwira moto zosungidwa pafupi analiyankha kuti palibe. Koma kumbuyo kwa cigayo kunali kakhumbi ka udzu kosungiramo madiramu a dizilo. Moto wa m'chire wa mwezi wa September unayambira pa kakhumbiko n'kulowa m'cigayo. Kampani inakana kulipira. Banja lija silinanamize munthu ndi pakamwa, koma linasaina pepala limene silinawerenge, ndipo dzina lao ndilo linali m'munsi mwa yankho labodza.

Palinso msampha wa kucepetsa mtengo wa katundu. Tiyerekeze kuti m'shopu muli katundu wa K100,000, koma mwini walemba K50,000 kuti azilipira zocepa. Moto waononga katundu wa K40,000. Mwini amayembekeza K40,000 yonse, popeza siinafike pa K50,000. Koma mapangano ambiri a moto ali ndi mfundo yakuti amene wateteza theka la katundu wake wasenza yekha theka linalo. Conco adzalandira K20,000, ndipo pamenepo angacotsenso gawo limene pangano linanena kuti mwini azisenza yekha pa ngozi iliyonse. Kukweza mtengo mwadala nakonso sikupindulitsa, cifukwa kampani imalipira zimene zatayika zenizeni, ndipo ikaona cinyengo ingakane zonse.

Oweta ng'ombe nawo acenjere. Fomu ya ziweto imafunsa nambala ya cizindikiro ca pa khutu, zaka za ng'ombe, mtundu wake, ngati imapita ku dibi ndi ngati inalandira katemera. Mafunso amenewa ali ndi cifukwa. Ng'ombe yosapita ku dibi m'dera la nkhupakupa ndi cigodola ili pa ngozi yaikulu kuposa inzake. Woweta amene wateteza ng'ombe zitatu mwa khumi popanda kulemba zizindikiro, n'kumati iliyonse imene idzafe idzakhala imodzi mwa zitatuzo, akudziikira yekha mlandu umene sadzapambana.

N'cifukwa ciani anthu abwinobwino amasiya mipata kapena kulemba zosaona? Ena sadziwa kuwerenga ndipo amacita manyazi kunena pagulu. Ena amawerenga Cinyanja kapena Cisoli, koma fomu ili m'Cizungu ca maloya, m'zilembo zazing'ono zimene maso a munthu wa zaka 60 saziona. Ena amaopa kuti akanena zoona za mahekitala ao kapena za ngozi imene anakumana nayo kale adzakanidwa. Ena amangokhulupirira wolembayo cifukwa wavala tayi ndipo wabwera ndi motoka. Ndipo tisabise, alipo amene amanama mwadala, kulembetsa mkazi, mwana ndi agogo amene anamwalira, kuti alandire mapaketi anai a fataleza. Amenewa amaipitsa kaundula wa boma lonse, ndipo akagwidwa amacititsa kuti oona mtima afufuzidwe ndi kucedwetsedwa pamodzi nao.

Koma tingalakwe ngati mlandu wonse tiuika pa mlimi. Kukhulupirika kumene Lord Mansfield ananena ndi kwa mbali ziwiri. Ejenti amene amalandira gawo lake pa fomu iliyonse imene wabweretsa ali ndi ciyeso cothamangitsa anthu. Mau akuti "siyani, tikadzaza ku ofesi" aononga mabanja ambiri. Kampani imene yalandira fomu ya mipata, n'kulandiranso ndalama mosafunsa, ilibe cilungamo ikayamba kufufuza mipatayo pa tsiku limene cigayo capsa. Nthawi yofunsa inali isanalandire ndalama. Underwriter woona mtima amabweza fomu yosakwanira tsiku lomwelo, ndipo ife tingakonde kuti abweze mafomu 100 mu October kusiyana ndi kukana munthu mmodzi mu April.

Maiko ena anazindikira vuto limeneli. Ku Britain, kumene mfundo ya kukhulupirika inacokera, nyumba ya malamulo inasintha zinthu mu 2012 kwa anthu wamba ndi mu 2015 kwa amalonda. Tsopano munthu wamba kumeneko ayenera kuyankha mosamala ndi moona mafunso amene wafunsidwa, ndipo udindo wofunsa momveka uli pa kampani. Wolakwitsa mosafuna salangidwa ngati wonama mwadala. Kuno kwathu nyumba ya malamulo inapanga lamulo latsopano la Insurance Act mu 2021, m'malo mwa lija la 1997, ndipo muli mbali ya inshuwalansi ya anthu a ndalama zocepa. Bungwe la Pensions and Insurance Authority, PIA, ndilo limapereka malaisensi kwa makampani ndi maejenti, ndiponso limalandira madandaulo a anthu amene sanakhutire ndi yankho la kampani. Tikupempha bungweli kuti lione mafomu amene amabwera kumidzi. Kuyambira pamene Zambia State Insurance Corporation inakhazikitsidwa mu 1968, kufikira pamene makampani ena analoledwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi mpaka lero, inshuwalansi yakhala ikulankhula cinenero ca m'tauni. Ngati makampani afuna ndalama za mlimi, alankhule naye m'cinenero cake.

Conco tikupempha makampani zinthu zitatu. Mafomu a alimi akhale aafupi ndipo amasuliridwe m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za m'dziko. Wolembetsa aliyense apatsidwe kope la zimene wasaina, kapena uthenga wa pa foni wobwereza dzina lake, kampu yake ndi cimene catetezedwa. Ndipo auzidwe momveka zimene pangano silidzalipira. Mlimi wa kufupi ndi malo a nyama ayenera kudziwa asanabzale kuti inshuwalansi yoyeza mvula silipira munda umene njobvu zadya. Akauzidwa mu November adzamvetsa. Akazindikira yekha mu March adzati wabedwa, ndipo adzauza mudzi wonse.

Kwa alangizi a zaulimi ndi alembi a makopaletivu tikuti, tikudziwa kuti nchito yanu ndi yaikulu, anthu ndi ambiri ndipo netiweki imavuta. Komabe musalembe dzina kucokera pakamwa. Tengani reji m'manja, kopani cilembo ndi cilembo, nambala ndi nambala, kenaka muwerengereni mwini zimene mwalemba. Imbani nambala ya foni pomwepo kuti muone ngati ilira m'thumba la mwini. Funsani kumene munda uli, popeza ena amagona kwina n'kumalima kwina. Mphindi ziwiri zimenezo zingapulumutse cakudya ca banja ca caka conse. Mndandanda ukatuluka, upacikidwe poonekera kuti aliyense aone dzina lake nthawi yokonza zolakwika isanathe.

Kwa mafumu, a nyakwawa ndi atsogoleri a mipingo tikuti, m'mudzi uliwonse muli mphunzitsi, wopuma pa nchito kapena wacinyamata amene anamaliza Grade 12. Sankhani awiri okhulupirika kuti pa tsiku lolembetsa akhale pambali ndi kuwerengera acikulire ndi amasiye fomu yonse, funso ndi funso, popanda malipiro. Holo ya parishi imene timabwereketsa kwa olembetsa ingakhalenso ndi tebulo limodzi la nchito imeneyi. Munthu asacite manyazi kupempha kuti amuwerengere. Safunsa anadya phula.

Kwa inu alimi anzathu, amai ndi abambo, uphungu wathu ndi uwu. Musasaine kapena kudinda cala pa fomu imene ili ndi mpata. Funso limene silikukukhudzani lembanipo kuti silikukhudzani, kuti wina asadzalembepo zake inu mutacoka. Funso limene simunalimvetse funsani kufikira mutamva. Nenani zoona za mahekitala, za nchito ya motoka, za dizilo wa kumbuyo kwa cigayo ndi za ngozi zimene munakumana nazo kale, ngakhale mtengo ukwere pang'ono. Perekani nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lanu ndipo muisunge yamoyo. Funsani ejenti dzina la kampani yake ndi umboni wakuti ali ndi laisensi. Tengani lisiti ndi kope la fomu, kapena jambulani ndi foni, muzisunge m'pulasitiki pamodzi ndi reji. Zinthu zikasintha pakati pa caka, monga kusamutsa munda kapena kuyamba kunyamula katundu wa anthu, dziwitsani kampani. Ndipo ikakana kulipira, pemphani kuti ilembe cifukwa cake pa pepala, kuti mukhale ndi copita naco ku PIA.

Tikudziwa kuti ena adzati zonsezi ndi zotopetsa, ndipo mzere wa anthu ndi wautali. Koma cilala ca 2024 sicinali coyamba. Akulu akukumbukira 1992, ndipo ambiri tikukumbukira 2019. Cidzabweranso, ndipo moto wa m'chire ndi ngozi za pa msewu sizidikira cilala. Mlimi amene wagulitsa mbuzi kuti apereke gawo lake la FISP, kapena wapenshoni amene waika zonse m'cigayo, ayenera kutsimikiza kuti pepala limene lili ku Lusaka likunena za iye, za munda wake ndi za katundu wake monga ziliri. Wakutsina khutu ndi mnansi. Caka cino, wolembetsa akakupatsani colembera, yambani mwawerenga fomu yonse, ndipo musaine pamene mpata womaliza wadzazidwa inu mukuona.